Ndinkamusainira Giya

Lolemba, 6 Okutobala

Buku ili ndi nzeru za Mayi Tiyi, aja a ku ofesi yothandiza ife amene tinachoka ku usilikali. Akuti tizilemba zimene tikumva m'kati. Chabwino. Zimene ndikumva: msana. Mipando ya pa yunivesite anapangira ana a zaka 19, osati mayi wa zaka 41 amene theka la moyo wake wathera kukuwa pa perete.

Ndafika 7:20, kalasi ya 8:00. Mwezi wachiwiri uno koma sindikusintha. Ndinaima pakhomo ndekhandekha mpaka bambo wosesa anandifunsa ngati ndaperekeza mwana. Ndinati mwanayo ndine. Anaseka mpaka kutsamira tsache.

Dokotala (wa phunziro la kafukufuku, kamtsikana kowonda, mawu ake ngati akupempha mchere kwa aneba) atalowa, ndinaimirira. Ndekha, pakati pa anthu 180. Ana a kumbuyo anayamba kale kunditchula Anti Sajeni. Poyamba ndinkapsa mtima, pano ndimayankha.

Pepala losaina linadutsa. Ndasaina langa, ndasainanso la Giya. Monga mwa masiku onse.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Masana ndinali ndi Giya pa benchi ya kuseri kwa laibulale. Tinali kampu imodzi, iye dalaivala wa malole, ine sajeni wa perete. Kunja kuja kokasungitsa mtendere tinapitira limodzi, ntchito tinapumanso chaka chimodzi, ndipo pano tonse tili chaka choyamba, imvi zili mbuu.

Makalasi ang'onoang'ono G. amalowa bwinobwino. Koma holo yaikulu ya Dokotala analowamo kamodzi kokha, sabata yoyamba. Anthu thithithi, khomo limodzi kumbuyo, chitseko chachitsulo chimene chimamenya mwamphamvu wochedwa aliyense akalowa. Chitamenya kachitatu, G. anatuluka akudumpha miyendo ya anthu. Ndinakamupeza pa mpopi akudzithira madzi kumutu. Sindinamufunse kanthu. Ndikudziwa za lole ija imene anakhalamo maola anayi zitseko zitakanirira, ndipo iye akudziwa kuti ndikudziwa. Basi.

Lamulo la pano ndi lakuti wosafika magawo atatu mwa anayi a makalasi salemba mayeso. Ndiye ndimamusainira. Ku kampu palibe akanaiyesa nkhani imeneyi. Mnzako akachedwa poitana mayina umayankha kuti alipo, zinazo mukakambirana kuseri. Sajeni wothamangira kwa akuluakulu ndi mavuto a anthu ake si sajeni.

Ine ndimamupatsa notsi, iye amandiuza zimene ndalembazo. Pakuti kunena zoona ndimalemba zonse mwaukhondo, mitu yake kuika mzere ndi rula, osamvapo ngakhale chimodzi. Lero wandifotokozera za sampulo katatu, kachitatuko ndi zitsekerero za mabotolo. Akuti mutu wanga si wouma, kungoti umadikira lamulo.

Lachitatu, 8 Okutobala

A Telala, bambo a kunyumba, akuti ndisiye kusita jinzi mpaka kutuluka mzere, ndikuwachititsa manyazi pa ntchito yawo. Ndasitabe.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndadziwotcha ndekha lero, popanda wondithandiza.

Dokotala anayamba ndi kunena kuti wakhala akuona mapepala osaina, ndipo mwa anthu 180 ndi awiri okha amene sanajombepo. Akufuna awathokoze pagulu. Anatchula dzina langa. Ndinaima nji, ana kuwomba m'manja, wina mluzu. Ndinamva kukoma, ndisaname. Kenako anatchula la Giya.

Zii.

Analitchulanso, akuunguza m'holo monse. Ndipo pakamwa panga pomwepa, pamene ndimadyera, panayankha ndi mawu a pa perete:

"Alipo!"

Dokotala anafunsa kuti ali kuti. Ndinati ali pa ntchito ina. Holo yonse inagwa ndi phwete, ena mpaka kumenya madesiki. Iye sanaseke. Anayang'ana pepala, kuyang'ana ine, kuyang'ananso pepala. Potuluka anandiuza motsitsa mawu kuti mawa 10 koloko ndikamupeze ku ofesi.

Mtsikana amene amakhala pambali panga anandimvera chisoni n'kundiphunzitsa ntchito mochedwa. Akuti kusainirana aliyense amachita, koma umakhwatcha mwachisawawa, umasintha cholembera, masiku ena umadumphitsa dala. Ine ndinkalemba ndi cholembera chomwecho, zilembo zikuluzikulu zoima ngati asilikali, pansi penipeni pa dzina langa, osaphonya tsiku. Ngakhale chinyengo ndimachita mwadongosolo.

G. sindinamuuze. Ndithana nazo ndekha.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndinapolisha nsapato kawiri. Ndinafika 9:30, n'kuima pakhonde manja kumbuyo. Atandiitana ndinalowa, kuima chilili. Anati ndikhale. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando.

Mapepala khumi ndi awiri anali atawayala pa tebulo. Kukongola kwake kwa zilembo zanga! Ndinavomera asanafunse n'komwe. Atafunsa chifukwa ndinayankha mmene tinaphunzirira: palibe chifukwa, Dokotala. Ku kampu ukatero nkhani imatha. Umalandira chilango chako, kaya kuthamanga ndi chikwama kumsana, kaya kulondera sabata yonse, mnzakoyo osakhudzidwa. Ndinali wokonzeka ngakhale kukolopa holo yonse ndekha.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Kenako kamawu kaja kananena zinthu zolemera. Siginecha zonse za Giya zafufutidwa. Ndiye kuti wafika kalasi imodzi yokha, ndipo mayeso salemba. Ine nkhani yanga ipita ku komiti yosungitsa mwambo. Mndandanda wa olemba mayeso akupereka Lolemba pa 20.

"Ngati pali chifukwa, ndikufuna ndichimve kwa mwiniwake, amayi. Osati kwa womuyankhira."

Ndinati chilango chonse chigwere ine. Anati si mmene zimayendera kuno, munthu sangaphunzirire mnzake. Ndinatsala pang'ono kupereka sawatcha potuluka, mwamwayi dzanja linali ndi chikwama.

Ndili ndi mantha. Phunziro limeneli akalephera, chaka chonse chapita, ndipo G. ndikumudziwa, sangabwereze.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita kwawo. Ndinamupeza pansi pa galimoto yake yakale ija imene wakhala akuikonza chiyambire chaka chatha. Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana mapazi ake, chifukwa ndi okhawo amene ankaoneka. Pa "alipo" paja mapazi anagwedezeka, ndikuganiza ankaseka. Nditafika pa za mayeso anasiya kugwedezeka.

Anatuluka, kupukuta sipanala nthawi yaitali. Akuti palibe vuto, asiya basi, makampani a malole akusowa madalaivala. Sukulu inali maloto a mlamu, mkazi wake, osati ake. Bodza lenileni. Munthu amene amawerenga buku la kafukufuku ngati nyuzi.

Apa ndi pamene ndinalakwitsanso. Ndinakweza mawu n'kumuuza kuti Lolemba 8 koloko akaonekere kwa Mayi Tiyi, akafotokoze zonse, ndipo sindikufuna kumva zina. Anandiyang'ana modekha.

"Sajeni, mizere ya paphewa ija munabweza ku sitolo pamodzi ndi jombo."

Zinandilowa. Anapitiriza kuti iye sangapite kwa munthu wachilendo kukanena kuti bambo wa ana atatu, amene anayendetsa lole m'misewu imene ena ankakana, akuopa chitseko. Mlamu anatulukira ndi madzi akumwa. Iye akudziwa kuti mwamuna wake sajomba, ndipo amauza aliyense. Tinakamba za kutentha kwa dzuwa mpaka ndinatsanzika.

Lamlungu, 12 Okutobala

Ndawauza a Telala masana, akupinda siketi ya kasitomala. Ndinkayembekezera kuti andiikira kumbuyo. Anamvetsera mapini ali pakamwa, kenako anawachotsa mmodzimmodzi n'kufunsa ngati Giya anandipemphapo kuti ndizimusainira.

Sanandipemphe. Ndinangoyamba, ndipo patapita sabata ndinamuuza kuti za pepala zija asadandaule, ndazisamalira. Iye anati zikomo. Akanatinso chiyani kwa sajeni?

A Telala akuti n'chimodzimodzi mmene ndimawapakirira chikwama cha ulendo iwo ali pomwepo, manja ali nawo awiri. Ndinawauza kuti akapakira okha amaiwala mswachi. Anavomera, n'kubwezera mapini pakamwa. Zaka 17 za ukwati, munthu ameneyu sanandikalipirepo, koma amadziwa pobaya.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndasaina langa lokha. Ana ena akandiona akumanong'ona kuti "alipo". Benchi ya ku laibulale inali yopanda munthu, foni sakuyankha. Notsi za lero palibe wondimasulira.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ofesi ya Mayi Tiyi ndinailowa kamodzi kokha, tsiku lotilandira. Maluwa apulasitiki, ketulo, bokosi la tishu pakati pa tebulo ngati akuyembekezera maliro. Ine ndi G. tinkaiseka kuti ndi chipinda cholirira. Lero ndagogoda ndekha.

Ndinakonza nkhani yabwino ya mnzanga wina wa ku yunivesite ina amene ali ndi mnzake wina. Anandisiya mpaka ndinamaliza, akuthira tiyi. Kenako anati nkhani ya "alipo" yafika mpaka kwa ophika ku kantini, ndiye tingathe kusiya za yunivesite ina.

Za lole sindinanene, si zanga. Ndinangoti holo ija imamuvuta. Sanadabwe. Akuti alipo ena anayi otere, ndipo pali dongosolo: mpando wa pafupi ndi khomo, chitseko kuchisiya chotsegula, kutuluka ndi kubwerera osapempha. Zonsezi zinalembedwa pa pepala lachikasu limene anatipatsa tsiku loyamba. Langa ndikulidziwa kumene lili. Ndinalipinda kanayi, likuchirikiza mwendo wa tebulo la kukhitchini.

Kenako anatsegula fayilo. Mwezi uliwonse amalandira mapepala osaina a ife tonse 23. Amene wajomba katatu amamufunafuna, kumuimbira, ngakhale kupita kwawo. Anandionetsa mndandanda. Mayina ena anali ozunguliridwa ndi inki yofiira. La Giya linali ndi kachizindikiro kokhoza.

"Ameneyu ndinkati ali bwino kuposa nonse," anatero.

Miyezi iwiri ndakhala ndikumubisa kwa munthu yekhayo amene akanamufunafuna. Ndipo ndinkayenda modzitukumula kuti ndikusamalira munthu wanga. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ndili mu yunifolomu. Tishu uja ndagwiritsa ntchito atatu, ndipo mayiwo anakhala ngati akufunafuna supuni.

Akuti angathe kulembera Dokotala kalata, koma pokhapokha G. atabwera yekha. Ndinafunsa ngati ndingamubweretse. Anati kumubweretsa ndi kubwera ndi zinthu ziwiri. Tiyi wawo ndi wabwino, zimenezo ndivomere.

Lachitatu, 15 Okutobala

Kupepesa ndinakuyeserera m'basi njira yonse, milomo ikuyenda, mpaka mayi woyandikana nane anasuntha. Pa zaka 19 za usilikali ndinapepesapo kwa akuluakulu kambirimbiri, koma kwa wa pansi panga sindikukumbuka.

Ndinamupeza akutsuka mapulagi m'chitini. Ndinamuuza kuti ndinapita kwa Mayi Tiyi. Nkhope inasintha. Ndinati za lole sindinatchule, ndipo sindidzatchula. Ndinafotokoza za mndandanda, za inki yofiira, za mpando wa pakhomo. Kenako ndinanena zimene ndinaloweza.

"Ndinakusainira osakufunsa. Ndinalakwa. Lero sindikukulamula chilichonse."

"Mukudwala, Sajeni?"

Ndi zokhazo zimene ananena. Anapitiriza kutsuka mapulagi amene anali oyera kale. Ndinaima pamenepo manja akusowa kochita, chifukwa mawu onse amene ndimadziwa pa nthawi ngati imeneyi ndi malamulo. Ndinachoka osawonjezera kanthu. Kuchoka kumeneko kunali kovuta kuposa kupepesa.

Lachinayi, 16 Okutobala

Sanabwere. Kalata ya komiti yafika, ndikaonekere Lachitatu pa 22. Dzina langa alemba molakwika, ndipo ndadzipeza ndikulikonza ndi cholembera.

Kwatsala masiku anayi. Foni ndaitenga n'kuibwezera m'thumba mwina kakhumi.

Lachisanu, 17 Okutobala

1:15, meseji ya G.: holo ija imakhala yopanda anthu nthawi yanji? Ndinathamanga kukafunsa bambo wosesa, ine mayi wamkulu, chikwama chikundimenya kumsana. Akuti 3 koloko.

Anabwera atavala malaya oyera. Tinachita mmene tinkachitira tisanadutse msewu wachilendo, kuyamba tauzonda. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anawerenga masitepe kuchoka pa mzere womaliza kufika panja, asanu ndi limodzi. Anakankha chitseko, kuchigwira chisanamenye, n'kuyang'ana kachitsulo kobwezera ka pamwamba. Akuti kanatha mafuta kalekale, n'chifukwa chake chimamenya choncho, ndipo amene anakaika ayenera kumangidwa. Wosesa anati wakhala akunena zaka ziwiri. Anagwirizana kwambiri awiriwo, mpaka wosesa analonjeza kupeza kathabwa kotchingira.

Kenako G. anakhala pa mpando wa kumapeto, mzere womaliza. Ine ndinakhala patsogolo pake, ngati ndikuwerenga zolembalemba za pa desiki. M'holo mopanda munthu, koma thukuta linali kamukamu, malaya oyera aja kumamatira. Anakhala mphindi zisanu. Atadzuka anafunsa kuti paja ofesi ya Mayi Tiyi ili kuti.

Ndinali nditayamba kale kutsogola. Anati ndingomuuza njira, ndipo ndizipita kunyumba. Ndinamuuza njira. Kunyumba sindinapite, ndinabisala kuseri kwa chipilala pafupi ndi makina ojambulira mapepala, sajeni wathunthu. Anakhalamo ola limodzi ndi mphindi khumi. Potuluka anadutsa pa chipilala changa osatembenuka n'kunena kuti nsapato zanga zikuwala mpaka ku geti.

Tinayenda limodzi mpaka pa siteji. Akuti Mayi Tiyi anaimbira Dokotala iye ali pomwepo. Dokotala akuti zakale azikhululuka, dzina lake lilowa pa mndandanda wa olemba mayeso, koma makalasi onse otsala afike, kuyambira Lolemba. Kutuluka n'kololedwa, bola abwerere kalasi isanathe. Akapanda kubwerera Lolemba, dzina silipita. Mlamu amuuza yekha mawa.

Basi itafika anati ali ndi pempho limodzi. Akatuluka, ndisamutsatire. Ndinati zamveka.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndachotsa pepala lachikasu pansi pa tebulo, ndaliwerenga lonse. Tebulo likugwedera. A Telala akuti ndiwo adziwe chochita, ine ndisakhudze.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndinafika 7:20, ndinamupeza ali kale pakhomo ndi wosesa, akuyesa kathabwa. Anakhala pa mpando wake uja, ine pambali pake. Kumbuyo kumeneku sindinakhaleko chiyambire. Ana amadya, amagona, wina amaluka mnzake tsitsi. Ndinadziletsa.

Dokotala atalowa anayang'ana kumbuyo kamodzi, kugwedeza mutu pang'ono, n'kuyamba kuphunzitsa. Sanatchule dzina la munthu. Kamtsikana kameneka ndinkakapeputsa.

Mphindi makumi awiri zinayenda bwino. G. anagwira m'mphepete mwa desiki ndi manja onse, koma ankamvetsera. Kenako wochedwa wina analowa akuthamanga, anapunthwa pa kathabwa, kathabwa kanauluka, chitseko chinamenya. Ndisanatembenuke n'komwe, mpando wa pambali panga unali wopanda munthu.

8:24.

Ndinalonjeza, ndiye ndinakhala. Ndinakhalira manja anga enieniwa ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Mtsikana woluka tsitsi uja anadzuka mwakachetechete, kutola kathabwa, kutsegula chitseko n'kukabwezera. Palibe anamutuma. Dokotala ankalankhula, ine ndikungoona milomo. Ndinaganiza za mpopi, za geti, za makampani a malole. Ndinaganiza zoti mwina ndikanangomusiya pa benchi pake paja, kumene ankaseka.

8:30. 8:33. Pepala losaina linafika pa mzere wathu. Ndinasaina langa n'kulipereka kutsogolo.

8:41 ndinamva fungo la malaya onyowa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, madzi akudontha m'tsitsi, kupuma ngati wakwera phiri. Sindinamuyang'ane. Pepala lija linabwerera lokha kuchokera kutsogolo, dzanja ndi dzanja, mpaka pa desiki yake. Anasaina, siginecha yokhotakhota yodutsa mizere iwiri.

Patapita kanthawi anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti tafika pati. Ndinamukankhira kope langa. Panali deti lokha, pansi pake mbee.

Analiyang'ana, kundiyang'ana ine. Anakoka kopelo, kusolola cholembera m'dzanja langa.

"Inu mvetserani, Sajeni. Kulemba ndilemba ine."